Ulendo wa ku Sapitwa

1. Mapiri aatali

Dziko la Moçambique lili ndi zigwa zambiri, makamaka m'mbali mwa nyanja ya mcere ndi m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Koma lilinso ndi mapiri aatali. Kutalika kwa phiri amakuyeza kuyambira pa madzi a nyanja ya mcere kufikira pa nsonga yake.

Phiri lalitali kuposa onse m'dzikoli ndi Binga. Lili m'mapiri a Chimanimani, m'cigawo ca Manica, pa malire ndi Zimbabwe. Kutalika kwake ndi mamita 2436. Laciwiri ndi Namuli, pafupi ndi Gurúè, m'cigawo ca Zambézia. Kutalika kwake ndi mamita 2419. M'cigawo ca Tete muli phiri la Dómuè, ku Angónia, lomwe limapitirira pang'ono mamita 2000.

Munthu akaima ku Milange amaona phiri lina lalikulu kutsidya kwa malire, m'dziko la Malawi. Limeneli ndi phiri la Mulanje. Nsonga yake yaitali ndi Sapitwa, ndipo kutalika kwake ndi mamita 3002. Mtsinje wa Ruo umayambira m'phiri limeneli. Ukatsika umakhala malire a Moçambique ndi Malawi mpaka kukathira mu mtsinje wa Shire. M'munsi mwa phiri muli minda ya tiyi. Pamwamba pake pamamera mtengo wa mkungudza, umene matabwa ake amanunkhira. M'caka ca 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili m'gulu la malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasunga.

Dzina lakuti Sapitwa limatanthauza malo amene anthu sapitako. Akuluakulu a kumeneko amanena kuti ku nsongako kumakhala mizimu ya makolo, ndipo amalemekeza malowo. Masiku ano anthu amakwerako, koma amapita ndi munthu wodziwa njira. Nkhani yotsatirayi ikusimba za ana awiri amene anayesa kufika pa nsongayo.

2. Nkhani

Pa nyengo ya cisanu, sukulu zitatsekera, mnyamata wina ndi mlongo wake anapita kukaceza kwa malume awo ku Milange. Amai awo a ana awiriwa anali a mimba imodzi. Mnyamatayo anali ndi zaka 16 ndipo ankakhala mu mzinda wa Tete, kumene kumatentha kwambiri. Anali wamphamvu ndiponso katswiri wa mpira. Mtsikanayo anali ndi zaka 14 ndipo ankakhala ku Ulónguè, kumtunda kozizira kwa Angónia.

Tsiku lililonse anawo ankayang'ana phiri la Mulanje. Anawaumiriza malume awo kuti akakwere nawo. Potsiriza malume anavomera. Anaoloka malire pa Muloza n'kupita ku Likhubula, kumene njira yokwera imayambira. Kumeneko anapeza bambo wina wotsogolera njira. Bamboyo anayang'ana katundu wao. Anaona majuzi, mabulangete, zipewa, toci, mabotolo a madzi, mbatata yophika, mtedza, nthoci ndi ufa.

"Zakwana," anatero bamboyo. "Lero tikwera mpaka ku kanyumba ka Chisepo. Tikagona komweko. Mawa tidzakwera Sapitwa ndi kubwerera tsiku lomwelo."

Anayenda tsiku lathunthu. Anafika ku Chisepo dzuwa likulowa. Kanyumbako kali pamwamba pa mamita 2000, m'tsinde mwa Sapitwa. Mlonda wa pamenepo anawasonkhera moto. Anaphika nsima nadya. Asanagone, wotsogolera njira anawauza malamulo atatu.

"Loyamba, tiyenda pamodzi, palibe wotsogola yekha. Laciwiri, amene wamva kupweteka kulikonse anene msanga. Lacitatu, dzuwa likafika paliwombo tibwerera, ngakhale nsonga itakhala pafupi."

Usiku umenewo mnyamatayo sanagone bwino. Ankadzidzimuka kawirikawiri. Kutaca anamva mutu ukulemera, ndipo phala silinamukomere. Anadya pang'ono n'kusiya. Malume anamuyang'ana.

"Mphwanga, wadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, amalume," anayankha mnyamatayo. Anaopa kuti akanena zoona amusiya pa kanyumba.

Ananyamuka m'bandakuca. Udzu unali wonyowa ndi mame ozizira. Posakhalitsa njira ya dothi inatha, ndipo anayamba kukwera pa mathanthwe otsetsereka. Pena ankagwira mwala ndi manja onse awiri. Pena ankakwawa pansi pa miyala ikuluikulu yosanjikizana. Pa miyala ina panali zizindikiro za utoto wofiira zosonyeza njira.

Wotsogolera njira ankayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Mnyamatayo anatopa nako kuyenda kotere. Anadumpha mwala uwu ndi uwo n'kupita patsogolo.

"Acimwene, mwaiwala lamulo loyamba," anatero mlongo wake.

"Iwe, ine ndimathamanga bwalo lonse la mpira osatopa. Kamtunda aka n'ciani?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga," anatero wotsogolera njira. "Bwerera pambuyo panga. Imwanso madzi."

Mnyamatayo anabwerera, koma madzi sanamwe. Anati alibe ludzu. Patapita nthawi anayambanso kuthamangira kutsogolo.

Atakwera kwa maola atatu, onse anali kupuma mwa wefuwefu. Akayenda mapazi makumi awiri ankaima. Mtsikanayo anamva mtima wake ukugunda msanga, koma akapumula unkabwerera m'malo. Mnyamatayo tsopano anali pambuyo pa onse. Anasiya kulankhula. Mutu unali kumuwawa ngati wina akuumenya ndi musi. Kenaka anakhala pa mwala, anawerama, n'kusanza.

Onse anaima. Wotsogolera njira anagwada pafupi naye.

"Mutu unayamba liti?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi. "M'mawa, tisananyamuke."

"Bwanji sunanene, mphwanga?" anafunsa malume.

Mnyamatayo sanayankhe. Wotsogolera njira anamufunsa dzina lake, dzina la mudzi wao ndi tsiku. Anayankha zonse molondola. Anamuimiritsa pa thanthwe losalala n'kumuuza kuti ayende molunjika, cidendene ca phazi lina cikugunda zala za phazi linzake. Mnyamatayo anayenda osadzandira. Bamboyo anamvetseranso kupuma kwake.

"Sanafike poipa," anauza malume. "Koma awa ndi matenda a pamwamba pa phiri. Akapitiriza kukwera akula. Mankhwala ake ndi kutsika."

Mtsikanayo anayang'ana kumwamba. Nsonga ya Sapitwa inali kuoneka bwinobwino.

"Bambo, kwatsala mtunda wautali bwanji?"

"Ngati ola limodzi."

"Ola limodzi lokha! Amalume, ine sindinatope. Dzuwa silinafike paliwombo."

Mnyamatayo anadzutsa mutu. "Pitani, amalume. Ine ndikudikirani pano. Ndikhala pa mwala uno osasuntha."

Malume anakhala cete. Naonso ankafunitsitsa kufika pa nsonga. Ndalama za ulendowu anazisunga kwa miyezi yambiri.

"Ai," anatero wotsogolera njira. "Wodwala sasiyidwa yekha pa phiri. Komanso wodziwa njira ndili ndekha. Ndikapita kumwamba, otsala alibe wowatsitsa. Tayang'ananinso uko."

Analoza kum'mwera cakum'mawa, mbali ya Moçambique. Kumeneko mitambo yoyera inali kuunjikana m'munsi mwa phiri ngati thonje.

"Ciperoni ico cikubwera," anatero.

Pamenepo malume anadula mlandu. "Tonse tibwerera."

Mtsikanayo anatembenuka kuti asamuone misozi. Kwa nthawi yaitali sanalankhule ndi mlongo wake. Asanayambe kutsika, malume anamwa madzi otsala m'botolo lao lapulasitiki, analitseka kolimba lili lopanda kanthu, n'kuliika m'thumba.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera. Wotsogolera njira anali patsogolo, mnyamatayo pambuyo pake, kenaka mtsikanayo, ndipo malume anali kumapeto. Mnyamatayo ankamwa madzi pang'onopang'ono. Pa mathanthwe otsetsereka ankatsika cokhala.

Asanafike ku kanyumba, nkhungu inawapeza. Dzuwa linabisika. Kunayamba kuwaza timvula tozizira, ndipo miyala inayamba kuterera. Munthu sankaona mnzake amene ali mapazi khumi patsogolo. Onse anavala majuzi. Wotsogolera njira anawauza kuti asasunthe kucoka pa cizindikiro cofiira asanaone cinzake. Mtsikanayo anali ndi maso akuthwa. Kangapo konse ndiye ankayamba kufuula kuti, "Ico, bambo, pa mwala uwo!" Pa malo ena oterera anagwira mlongo wake dzanja.

Anafika ku Chisepo masana atapendeka, ali onyowa ndi onjenjemera. Mlonda anakoleza moto. Anavula zonyowa n'kufunda mabulangete. Mnyamatayo anamwa tiyi wa shuga. Pofika madzulo mutu unali utacepa, ndipo anapempha nsima.

"Acemwali," anatero kwa mlongo wake, "ndakulakwira. Ndikananena m'mawa, ndikanatsala ndi mlonda, iwe ukanapita."

Mtsikanayo anayang'ana panja. Sapitwa sanali kuoneka. Panali nkhungu yokhayokha.

"Tikanapitiriza, nkhungu iyi ikanatipeza kumwamba," anayankha. "Koma caka camawa mukadzamva mutu, mudzanene."

M'mawa mwake anatsikira ku Likhubula. Mnyamatayo anali atacira. Atafika pansi, malume anatulutsa botolo lija. Linali litaphwanyika m'mbali ngati munthu walifinya ndi manja, koma citsekero cinali cikadali cotseka.

"Ndani wafinya botolo ili?" anafunsa malume.

Ana aja sanadziwe. Yankho lake lili m'gawo lotsatira.

3. Mpweya wa pamwamba pa phiri

Dziko lapansi lakutidwa ndi mpweya. Mpweya suoneka, koma uli ndi kulemera. Taganizirani za mulu wa thonje. Thonje la pansi pa mulu limapanikizika cifukwa lasenza linzake lonse. Thonje la pamwamba limakhala lotakasuka. Mpweya ulinso cimodzimodzi. Wa m'zigwa ndi wothinana. Wa pamwamba pa phiri ndi wotakasuka.

Botolo la malume linatsekedwa lili ndi mpweya wotakasuka wa kumwamba. Litafika pansi, mpweya wothinana wa kunja unalikankha mwamphamvu kuposa wa m'kati. Ndiwo unalifinya.

Mu mpweya muli gawo lina lofunika pa moyo. Dzina lake ndi okosijeni. Pa magawo 100 a mpweya, magawo 21 ndi okosijeni. Munthu akapuma, mpweya umalowa m'mapapo. Magazi amatenga okosijeni m'mapapomo ndi kumupereka ku ubongo, ku mtima ndi ku minofu yonse. Popanda okosijeni thupi silingathe kusandutsa cakudya kukhala mphamvu, monga momwe moto sungayake popanda mpweya.

Pamwamba pa phiri okosijeni amakhalabe magawo 21 pa 100. Koma popeza mpweya wonse ndi wotakasuka, kupuma kumodzi kumabweretsa okosijeni wocepa. Pa mamita 3000, monga pa Sapitwa, munthu amalandira pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a okosijeni amene akanalandira ali ku Beira, m'mbali mwa nyanja. Pa nsonga ya Kilimanjaro, ku Tanzania, phiri lalitali kuposa onse mu Africa, la mamita 5895, amalandira pafupifupi theka. Pa nsonga ya Everest, ku Asia, ya mamita 8849, amalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. N'cifukwa cake Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay, amene anayamba kufika pa nsongayo m'caka ca 1953, ananyamula okosijeni m'mabotolo acitsulo.

Thupi likaona kuti okosijeni wacepa limayamba kudzithandiza. Munthu amapuma msangamsanga ndiponso mozama. Mtima umagunda mofulumira kuti magazi ayende msanga. Zimenezi ndi zimene mtsikana uja anamva, ndipo si matenda. Munthu akakhala kumtunda kwa masiku angapo, thupi limazolowera. Akakhala milungu ingapo, tizigawo tofiira ta m'magazi, tomwe timanyamula okosijeni, timaculuka. Anthu a mu mzinda wa La Paz, ku Bolívia, amakhala pa mamita oposa 3500, ndipo amagwira nchito zao tsiku ndi tsiku cifukwa matupi ao anazolowera.

Kuzolowera kumafuna nthawi. Munthu akakwera msanga, thupi lisanazolowere, amadwala. Matendawa amayamba kawirikawiri pamwamba pa mamita 2500, koma ena amayamba kuwamva pa mamita 2000. Sabwera nthawi yomweyo. Amaoneka patapita maola angapo munthu atafika kumtunda, ndipo nthawi zambiri amayamba usiku woyamba.

Mnyamata uja anazolowera mzinda wa Tete, umene uli m'cigwa ca Zambezi, pa mamita osakwana 200. Mlongo wake anazolowera Ulónguè, pamwamba pa mamita 1000. Kukhala kumtunda kunamuthandiza pang'ono mtsikanayo. Komanso iye anayenda modekha ndi kumwa madzi, pamene mnyamatayo anathamanga, sanamwe madzi, ndipo anabisa kupweteka. Mphamvu za thupi siziteteza munthu ku matendawa. Amagwira wamphamvu ndi wofooka, mwamuna ndi mkazi, wamng'ono ndi wamkulu.

4. Zizindikiro ndi cocita

Zizindikiro zoyamba ndi izi: kupweteka kwa mutu, nseru kapena kusanza, kusafuna cakudya, cizungulire, kutopa kwambiri ndi kusagona bwino. Munthu akamva zimenezi asakwerenso. Apumule, amwe madzi, ndipo anene kwa anzake. Zikapanda kusintha, kapena zikakula, atsike. Kutsika mamita 300 mpaka 1000 kumathandiza kwambiri.

Pali zizindikiro zina zoopsa. Zimaoneka kawirikawiri pa mapiri aatali kuposa Sapitwa, koma aliyense wokwera phiri azidziwe.

Coyamba ndi ca m'mapapo. Madzi amayamba kudzaza m'mapapo. Munthu amabanika ngakhale atakhala pansi osacita kanthu. Amatsokomola, nthawi zina makhololo a thovu osakanizika ndi magazi. Milomo yake imasintha mtundu.

Caciwiri ndi ca mu ubongo. Ubongo umatupa. Munthu amayenda modzandira ngati woledzera, amalankhula zosamveka, amaiwala kumene ali, ndipo amangofuna kugona. N'cifukwa cake wotsogolera njira uja anafunsa mnyamatayo dzina lake ndi kumuyendetsa molunjika. Ankafuna kudziwa ngati ubongo wakhudzidwa.

Munthu wa zizindikiro ziwirizi akhoza kufa pa maola owerengeka. Ayenera kutsitsidwa nthawi yomweyo, ngakhale pomunyamula, ndi kupita naye ku cipatala. Asatsike yekha.

Pali cinthu cinanso coyenera kukumbukira. Kutentha thupi, kupweteka mutu ndi kusanza ndi zizindikironso za malungo. Munthu akatsika phiri koma osapeza bwino, apite ku cipatala akayezedwe magazi.

5. Kuzizira ndi nkhungu

Pa phiri lalitali, mdani wina ndi kuzizira. Munthu akakwera mamita 1000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Pansi pa phiri pangakhale potentha pamene kumwamba kuli cisanu columa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi amatha kuuma usiku pamwamba pa Mulanje. Mphepo ndi zovala zonyowa zimacotsa kutentha kwa thupi mofulumira. Thupi likazizira kwambiri munthu amanjenjemera, manja amauma, nzeru zimasokonezeka, ndipo potsiriza amafa.

Ciperoni ndi nyengo ya nkhungu ndi timvula tozizira, imene imabwera ndi mphepo yocokera kum'mwera cakum'mawa, ku nyanja ya mcere. Dzinali linacokera ku phiri la Chiperone, la m'cigawo ca Zambézia. Ciperoni cimabwera mwadzidzidzi ndipo cikhoza kukhala masiku angapo. Cikafika, njira imabisika.

M'caka ca 2009 mnyamata wina wa ku Brasil anakwera kupita ku Sapitwa atasiya womutsogolera m'munsi. Nyengo inaipa ndipo iye anasocera. Anthu anamufunafuna kwa masiku ambiri. Anamupeza atafa ndi kuzizira. Anali munthu wophunzira ndiponso wozolowera maulendo, koma anali yekha ndipo analibe zofunda zokwanira.

Dzuwa nalonso limaotcha kwambiri pamwamba pa phiri, ngakhale kukuzizira. Cipewa cimateteza mutu ndi maso. Thupi limatayanso madzi ambiri cifukwa ca thukuta ndi kupuma msanga, koma cifukwa ca kuzizira munthu samva ludzu. Ayenera kumwa madzi kawirikawiri ngakhale alibe ludzu.

6. Malangizo kwa wokwera phiri

Apite ndi munthu wodziwa njira, ndipo auze a kunyumba kumene akupita ndi tsiku lobwerera.

Ngati n'kotheka agone usiku umodzi kapena uwiri pakati pa phiri asanapite ku nsonga.

Anyamuke m'bandakuca kuti abwerere kukadali kowala.

Ayende modekha. Liwiro labwino ndi limene munthu angathe kulankhula ndi mnzake akuyenda.

Anyamule madzi, cakudya, juzi, covala cosalowa madzi, cipewa, macesi ndi toci.

Asamwe mowa ndipo asasute fodya.

Apangane ndi anzake nthawi yobwerera, ndipo aisunge.

Asabise kupweteka, ndipo asaseke mnzake amene wadwala.

Asatenthe chire, asadule mitengo, ndipo asataye zinyalala. Madzi amene anthu a m'munsi amamwa amacokera ku phiri.

7. Mau atsopano

Nsonga ya phiri: malo a pamwamba penipeni pa phiri. M'Cipwitikizi: cume.

Kutalika kwa malo kucokera pa nyanja ya mcere. M'Cipwitikizi: altitude.

Mpweya. M'Cipwitikizi: ar.

Okosijeni: gawo la mpweya limene thupi limagwiritsa nchito. M'Cipwitikizi: oxigénio.

Mapapo. M'Cipwitikizi: pulmões.

Nkhungu. M'Cipwitikizi: nevoeiro.

Wotsogolera njira. M'Cipwitikizi: guia.

Paliwombo: pakati pa mutu. Dzuwa likakhala paliwombo ndiye kuti ndi masana enieni.

Wefuwefu: kupuma msangamsanga cifukwa ca kutopa.

8. Mafunso

1. Phiri lalitali kuposa onse mu Moçambique ndi liti? Lili m'cigawo citi?

2. Chula malamulo atatu amene wotsogolera njira anapereka ku Chisepo.

3. Ndi malamulo ati amene mnyamata uja anaphwanya?

4. Cifukwa ciani mnyamatayo anabisa kuti mutu ukumupweteka?

5. Wotsogolera njira anakana kusiya wodwala yekha. Pereka zifukwa zake ziwiri.

6. Fotokoza m'mau ako cimene cinafinya botolo la malume.

7. Chula zizindikiro zinai zoyamba za matenda a pamwamba pa phiri.

8. Ndi zizindikiro ziti zimene zimasonyeza kuti munthu atsitsidwe nthawi yomweyo?

9. Mtsikana uja sanadwale, koma sanafike pa nsonga. Kodi malume anacita bwino kubweza onse? Kambirana ndi anzako.

10. Wotsogolera njira ananena mwambi. Ulembe, ndipo ufotokoze tanthauzo lake. Funsa agogo kapena makolo ako mwambi wina wophunzitsa kudekha.

9. Masamu

1. Sapitwa ndi mamita 3002. Binga ndi mamita 2436. Sapitwa akuposa Binga ndi mamita angati?

2. Binga akuposa Namuli ndi mamita angati?

3. Pa malo ena a mamita 1000 kutentha kuli madigiri 20. Ngati kutentha kumatsika ndi madigiri 6 pa mamita 1000 alionse, pa mamita 3000 padzakhala madigiri angati?

4. Lemba mapiri awa kuyambira lalifupi kufikira lalitali: Kilimanjaro, Namuli, Everest, Sapitwa, Binga.

10. Nchito yocita

Khala pansi mwakacetecete. Ika zala ziwiri pa mkono wako, m'munsi mwa cala cacikulu, mpaka umve kugunda kwa magazi. Aphunzitsi akapereka cizindikiro, werenga kugundako kwa mphindi imodzi. Lemba nambala m'kope lako. Tsopano thamanga kuzungulira bwalo la sukulu kawiri. Werenganso ndi kulemba. Pumula mphindi zisanu, uwerengenso kacitatu. Yerekeza manambala atatuwo. Cifukwa ciani mtima unagunda msanga utathamanga?

Jambula phiri limene lili pafupi ndi mudzi wanu. Sonyeza nsonga yake, njira yokwerera ndi mitsinje imene imayambira pamenepo. Funsa akuluakulu dzina la phirilo, tanthauzo la dzinalo, ndi miyambo imene anthu amatsata akamakwera. Lemba ziganizo zisanu m'Cinyanja za zimene wamva, ndipo mawa udzawerengere anzako m'kalasi.